Kwa achemwali ofunsa za mazira, chambo ndi impso

Achemwali, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati patha masabata atatu chisiyireni nsima, mpunga ndi buledi. M'mawa mukudya mazira asanu, masana chambo chathunthu, madzulo kota ya nkhuku, pakati apa mukutafuna usipa, ndiye n'kuwonjezera ufa wa mapuloteni uja anakutumizirani achimwene anu a ku Joni, zikho ziwiri m'madzi. Sikelo yatsika kuchoka pa makilogalamu 84 kufika pa 80, koma kuchimbudzi mukupita mwa apo ndi apo, mutu sukusiya kupweteka, ndipo apongozi anu akuti mupha impso. Mukufuna kudziwa ngati akunena zoona.

Apongoziwo sakunama, kungoti nkhaniyo aidula pakati. Impso zabwinobwino zimatha kupirira zakudya zomanga thupi zambirimbiri osawonongeka. Zimene zimavutika ndi impso zoti zinayamba kale kufooka, ndipo vuto la impso ndi loti zimafooka mwakachetechete, mwini wake akuyenda, akutapa madzi, akuseka. Choncho funso loyamba ndi lakuti impso zanuzo zili bwanji, ndipo yankho lake silingachokere kwa ine. Lili ku chipatala.

Ine si dokotala. Ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, komanso ndinadutsa njira mukudutsayi pamene anandipeza ndi BP n'kundiuza kuti ndichepetse thupi. Ndiye ndiloleni ndichite zimene ndinazolowera, ndigwire choko.

Thupi lili ndi nkhokwe ya mafuta, lili ndi kankhokwe kakang'ono ka shuga m'chiwindi ndi m'minofu, koma nkhokwe ya mapuloteni lilibe. Limatenga amene likufuna kuti likonze minofu, magazi, khungu ndi tsitsi, otsalawo chiwindi chimawaphwanya. Mbali imodzi imasanduka mphamvu, kapena mafuta ngati mwadya kupyola muyezo. Mbali inayo imasanduka chinyalala chotchedwa urea, ndipo ntchito yochisefa m'magazi n'kuchitaya mumkodzo ndi ya impso. Mukachulutsa nyama ndi nsomba, impso zimagwira ganyu wowonjezera tsiku ndi tsiku. Wamphamvu ganyu amamumaliza, wodwala amakomoka m'munda.

Tsono tiyeni tiwerengere mbale yanu. Munthu wamkulu amafunika magalamu pafupifupi 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa inu, pa makilogalamu 80, ndi magalamu 64. Amene akuchepetsa thupi amalangizidwa kukwezako, pakati pa 1.2 ndi 1.6 pa kilogalamu, ndipo pali zifukwa zomveka: zomanga thupi zimakhalitsa m'mimba kotero njala siibwera msanga, zimateteza minofu kuti isasungunuke limodzi ndi mafuta, komanso thupi limaotcha mphamvu zambiri pozigaya kuposa pogaya nsima kapena mafuta. Kwa inu zimenezi zikutanthauza magalamu 100 mpaka 130 basi. Koma taonani zimene mukudya. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, asanu ndi 30. Chambo cha saizi yapakati chimafika cha m'ma 45, kota ya nkhuku cha m'ma 40, usipa wouma wodzadza manja awiri cha m'ma 30, zikho ziwiri za ufa uja pafupifupi 50. Mwafika pa 190 kapena kuposa, kupyola magalamu awiri pa kilogalamu. Umenewo ndi muyezo wa anyamata onyamula zitsulo, osati wa mayi amene akungofuna kuti diresi lake lakale limukwanenso. Zowonjezerazo sizikuchepetsa thupi mwachangu ayi, zikungodya ndalama. Chambo masiku ano mtengo wake mukuudziwa, ngakhale ife a kunyanja timachigula ngati alendo.

Ndinene mosabisa za makilogalamu anayi atsikawo, musandikwiyire. Ambiri mwa iwo ndi madzi. Shuga wosungidwa m'minofu uja amasunga madzi ochuluka katatu kulemera kwake, ndiye mukasiya nsima nkhokweyo imatha, madziwo n'kutuluka. N'chifukwa chake sabata yoyamba sikelo imathamanga, yachitatu n'kuyamba kukwawa. Kadyedwe kameneka si kachilendo. Ku America Dr Robert Atkins anakatchukitsa m'chaka cha 1972, ku South Africa amakatcha Banting, ndipo ndikukhulupirira achimwene anu anakatengera kumeneko. Kamagwira ntchito kwa ena, sindikana. Koma anthu amene amakatsatira bwino amadzadza mbale ndi masamba, pomwe inu pa mndandanda wanu sindinaonepo nkhwani ngakhale tsamba limodzi.

Apa ndi pamene pagona kudzimbidwa kwanu. Dzira, nsomba ndi nkhuku zilibe gaga ngakhale pang'ono, m'matumbo mulibe chokankha. Mutuwo mwina ndi kuchepa kwa madzi ndi shuga m'thupi, makamaka ndi dzuwa lathu lino la Mangochi limene munthu umatuluka thukuta utangokhala pakhonde. Mukaona amuna anu akutembenukira kukhoma mukamalankhula nawo usiku, musadabwe, thupi likamaotcha mafuta popanda zokhutitsa limatulutsa fungo m'kamwa loti mswachi sulithetsa. Koma mutu wosatha ungakhalenso BP, ndiye musaungoganizira. Ndipo chonde musamauziziritse ndi brufen, diclofenac kapena indocid wa pa golosale tsiku lililonse. Mankhwala amenewa, munthu akamamwa pafupipafupi thupi lili louma, amapweteka impso kuposa chambo chilichonse.

Tsopano mverani bwino gawo ili, chifukwa likukhudza ife a m'mbali mwa nyanja kuposa anzathu a kumtunda. Matenda a shuga ndi BP ndiwo amatsogola kuwononga impso kulikonse padziko. Koma ife tili ndi wachitatu, likodzo. Ndani mwa ife amene anakula osasambira m'nyanja, osachapa mu Shire, osawoloka madambo a ku Malombe? Tili ana tinkaona anyamata akukodza magazi n'kumayesa ndi chizindikiro cha kukula. Mazira a tizilombo ta likodzo amakhazikika m'chikhodzodzo ndi m'timitsempha totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, n'kusiya zipsera. Zikatenga zaka osalandira mankhwala, njira imachepa, mkodzo umabwerera m'mbuyo, impso n'kutupa. Malume anga, msodzi wa ku Malombe, anakhala nalo likodzo kuyambira unyamata wawo, ankati ndi matenda a ana. Pamene mapazi amayamba kutupa n'kuti impso zitatha kale. Adokotala anawauza kuti achepetse nsomba, munthu woti moyo wake wonse ndiwo zinali za m'madzi. Makina osefa magazi kuno kulibe, ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo munthu amayenera kupitako kangapo pa sabata. Tangoganizani thiransipoti yake kuchokera kwa Chimwala. Chonsecho praziquantel amene akanawachiritsa kalekale ndi mapiritsi a tsiku limodzi.

Palinso abale athu amene ali pa ma ARV. Mankhwala ambiri amene akuperekedwa masiku ano ali ndi tenofovir, amene kwa anthu ena amalemetsa impso. Sindikunena kuti munthu asiye kumwa, ayi ndithu, amenewo ndi moyo. Ndikunena kuti ngati muli pagulu limeneli, musanayambe kudya mazira ngati mukupikisana, kawauzeni a ku kiliniki kwanu.

Ndiye sabata ino, musanagule tireyi ina ya mazira, pitani ku chipatala cha pa boma kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi. Akuyezeni BP ndi shuga. Apime mkodzo, aone ngati muli mapuloteni, magazi kapena mazira a likodzo. Mupemphenso kuyeza magazi kotchedwa creatinine, ndiko kumaonetsa mmene impso zikusefera. Muwauze zimene mukudya, ndi ufa uja womwe, chifukwa nyama yambiri imatha kukweza nambala imeneyi pang'ono. Mukaona mkodzo wa thovu losatha msanga, nkhope yotupa podzuka, mapazi osalowa mu nsapato madzulo, musadikire n'komwe Lolemba. Akakupezani ndi vuto la impso, zimene ndawerengera pamwambazi muziiwale, muyezo wanu adzakupatsani iwowo ndipo umakhala wotsika. Ngatinso muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, nkhani yochepetsa thupi iyambe yaima.

Zina ziwiri ndingotchulako. Mapuloteni a nyama akachuluka, madzi akuchepa, timiyala ta mu impso timapangika mosavuta, ndipo amene anadwalapo amati ululu wake umaposa wa pobereka. Chachiwiri ndi gout, nyamakazi ija imagwira chala chachikulu cha kuphazi usiku. Bambo a kunyumba kwanga inawagwira atazolowera zam'kati za mbuzi pa chiwaya ndi mowa Loweruka lililonse. Nsomba zing'onozing'ono zodya ndi mutu womwe, monga usipa ndi bonya, nazonso zimaidzutsa kwa amene ali nayo kale. Ngati kubanja kwanu ilipo, usipa wa tsiku ndi tsiku uchepe.

Koma chimene chimanenepetsa anthu ambiri amene amati akudya zomanga thupi si nsombayo, ndi chiwaya. Galamu imodzi ya mapuloteni ili ndi ma calories 4 (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya), ya sitachi wa mu nsima chimodzimodzi 4, ya mafuta 9. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi ma calories pafupifupi 120, kuposa dzira lathunthu. Chambo chosambira m'mafuta, nkhuku ya khungu lake, kanyenya wa pamsika, mazira okazinga, zonsezi mukhoza kusiya nsima n'kumanenepabe. Mtedza nawo ndi wabwino, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndiye wodzadza dzanja limodzi wakwana, osati mbale yonse mukuonera filimu. Soseji ndi polony musaziwerengere n'komwe ngati zomanga thupi zabwino. Bungwe la WHO linanena m'chaka cha 2015 kuti nyama zokonzedwa motere zimawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo, ndipo mchere wake ndi woopsa. Bungwe lomwelo limati mchere usapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, pa zakudya zonse. Nsomba zouma zothira mchere muziyamba mwaziviika.

Ndikanakhala ine, zotsatira za ku chipatala zitatuluka bwino, ndikanachita motere. M'mawa mazira awiri owiritsa ndi kachidutswa ka mbatata, kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'ono, tiyi wopanda shuga. Masana mtanda umodzi wa mgaiwa wofanana ndi chibakera changa, nsomba yowamba kapena yophika ndi tomato yaikulu ngati chikhatho, ndipo theka la mbale likhale masamba: chisoso, bonongwe, chigwada, mpiru, therere, chilichonse chimene chili pamsika. Madzulo nyemba, nandolo kapena khobwe ndi masamba, nsima pang'ono kapena osadya n'komwe. Kapu ya nyemba zophika ili ndi magalamu 15 a mapuloteni, ndipo imabwera ndi gaga wake yemwe, kudzimbidwa kuja n'kutha. Masoya pieces nawo ali ndi mapuloteni ambiri pa mtengo wochepa, bola osawamiza m'mafuta. Njala ikakupezani pakati, papaya, gwafa, bango limodzi, kapena malambe osathira shuga. Mwanjira imeneyi mupeza mapuloteni okwanira thupi lanu popanda kusaka chambo tsiku lililonse, utaka ndi kambuzi zikugwira ntchito yomweyo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amatiphunzitsa ku sikelo ya ana sanawapangire ana okha.

Chimene ndinasiya ine, n'kuona kusintha kwenikweni, si nsima. Ndinasiya zakumwa za m'botolo, Sobo, thobwa lothira shuga, mandasi a pa buleki ndi masupuni atatu a shuga mu tiyi. Nsima ndinangochoka pa mitanda itatu kufika pa umodzi. Ndinayambanso kuyenda m'mamawa dzuwa lisanakwiye, kuchoka kunyumba kukafika pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kubwerera. Thupi linkatsika theka la kilogalamu pa sabata, nthawi zina osatsika n'komwe, anzanga a mu staff room n'kumandiseka kuti ndikudzizunza pachabe. Koma silinabwererenso. Mnzanga wina amene anasiyiratu nsima anatsika mofulumira kundiposa, kenako pa ukwati wa mphwake analawa mpunga wa Kilombero, basi nkhani inathera pomwepo.

Madzi muzimwa mpaka mkodzo uzioneka woyererako, osati wofiirira ngati tiyi. M'miyezi ya October ndi November muziyenda ndi botolo. Ngati mumasala pa Ramadan, mwezi umenewo musaphatikize kusala ndi mapuloteni ochuluka chonchi, chifukwa tsiku lonse impso zimakhala zikusefa popanda madzi. Pofutulu yambani ndi madzi, futali pang'ono, kenako ndiwo.

Ufa wa ku Joni uja si poizoni, ambiri amapangidwa kuchokera ku mkaka. Koma munthu wokhala pa gombe, amene usipa wofutsa umamupeza pakhomo, saufuna. Tayang'anani pa chitini ngati tsiku lake silinadutse komanso ngati sanathiremo shuga. Mukafuna kuumaliza kuti achimwene asadandaule, chikho chimodzi pa tsiku limene simunapeze ndiwo chakwana. Akadzaimbanso foni muwauze kuti ulendo wina atumize nsapato zoyendera, ndi kamakina koyezera BP kunyumba, kamene apongozi anunso azidzagwiritsa ntchito.