Mkaka wa mayi wina kwa mwana wobadwa masiku osakwana

Amayi, mwafunsa ngati mkaka wopereka mayi wina ungapatsire matenda mwana wanu wobadwa masiku osakwanayo, poti wanu sukutuluka bwino. Mantha anuwo ndikuwamvetsa, koma uwu si mkaka wongopemphana pakhomo ayi. Woperekayo amayamba wayezedwa magazi, HIV, chindoko, hepatitis B ndi C, kenako mkakawo amautenthetsa pa madigiri 62.5 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife, basi n'kuusunga mu firiza mpaka utafunika.

Kamwana kobadwa masabata 37 asanakwane, makamaka kosafika makilo 1.5, matumbo ake amakhala anthete kwambiri moti mkaka wam'chitini umawonjezera chiopsezo cha matenda oopsa otupitsa ndi kuoletsa matumbo aja amati NEC, n'chifukwa chake a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati wa mayi ake ukasowa, wotsatira ndi wopereka mayi winawu. Amakapatsa pang'onopang'ono, pa kachubu ka pamphuno kapena pa kakapu.

Koma inu musasiye kufinya chonde, ngakhale atuluke madontho awiri okha apatseni anamwino, wanuwo umaposa wina uliwonse. Finyani ka 8 patsiku, usiku womwe, ndipo akakulolani muzimuika pachifuwa khungu lake likhudzane ndi lanu, njira ija amati kangaroo, zimathandiza kuti mkaka ubwere.