Fungo la chuku mu AC ya pikapu: limachokera kuti, nanga lichotsedwe bwanji?

Bambo ena a ku Salima atilembera imelo. Akuti ali ndi Toyota Hilux ya 2012, ndipo chiyambireni mvula, akangoyatsa AC (makina oziziritsa mpweya m'galimoto) m'mawa mumatuluka fungo ngati la zovala zimene zagona m'beseni zisanayanikidwe. Pakatha mphindi zingapo limachepa, mawa lake labweranso. Tonunkhiritsa anapachika kale pagalasi koma sizinathandize, ndipo wina wawauza kuti akathiritse gasi. Funso lawo ndi lakuti kodi gasiyo athetsa vutoli?

Bambo, ndalama ya gasiyo isungeni. Gasi wa AC, yemwe m'galimoto za zaka zimenezo amakhala R134a, amayenda m'mapaipi otsekeka, sakumana ndi mpweya umene mukupumawo. Ngati AC ikuzizira bwino ndiye kuti gasi alimo wokwanira. Chimene mukumvacho ndi chuku, ndipo chuku chimamera pamene pakukhalitsa madzi. Ntchito yonse yagona pa kupeza madziwo ndi kuwapatsa njira yotulukira.

Kuseri kwa dashibodi kuli kachipangizo kotchedwa evaporator. Kamaoneka ngati radiyeta yaing'ono, ka aluminiyamu, kokhala ndi timapepala tachitsulo tothinana kwambiri. AC ikamagwira ntchito kamazizira mpaka kuyandikira digiri 0, ndipo fani imakankha mpweya kudutsa m'timapepalamo. Mukatulutsa botolo la chakumwa m'firiji limachita thukuta. Ndi zomwe zimachitikanso apa. Chinyezi cha mumpweya chimasanduka madontho, madonthowo amagwera m'kambale kapulasitiki pansi pake, kenako amatuluka kunja kudzera m'kapaipi ka labala. Kumalo otentha ndi achinyezi ngati m'mphepete mwa nyanja kwanuko, madziwa amachuluka zedi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Mukazimitsa injini evaporator imatsala yonyowa, mumdima, motentha, itamatirira fumbi la mumsewu ndi ufa wa maluwa. Chuku ndi mabakiteriya sizifuna china kuposa apa. Usiku wonse zimachulukana, ndipo mpweya woyamba wa m'mawa ndi umene umakubweretserani fungo lawo. N'chifukwa chake limachepa pakapita mphindi zingapo: timapepala tija tikanyowanso ndi kuzizira, fungo limaphimbika, koma silinachoke.

Musanagule chilichonse, nunkhizani bwino, chifukwa si fungo lililonse la mu AC limene lili chuku. Likakhala lotsekemera ngati manyuchi, galasi lakutsogolo n'kumachita nthunzi yonata mkati, komanso madzi a m'radiyeta akumachepa popanda poonekera pamene akudontha, ndiye kuti heater core, karadiyeta ka m'dashibodi kotenthetsa mpweya ndi madzi otentha a injini, yabooka. Imeneyo ndi nkhani ya makaniko, ndipo musaichedwetse, chifukwa mankhwala a coolant, othira m'madzi a radiyeta, ndi poizoni ndipo injini ikhoza kutentha mopitirira. Likakhala fungo la chinthu chowola, kayikirani khoswe. Pikapu zonyamula chimanga kapena zogona pafupi ndi nkhokwe zimakopa makoswe, ndipo amakonda kumanga chisa pamwamba pa fyuluta ya mpweya wolowa mkati kapena m'fani mwenimwenimo. Chizindikiro china ndi fani kulira kapena kunjenjemera mukaikweza.

Tsopano yambani ndi kapaipi kotulutsa madzi, chifukwa kakatsekeka zina zonse mungachite n'kutaya nthawi. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka ndi ouma, siyani injini ikulira, yatsani AC ndi fani yokweza kwa mphindi 10 mpaka 15. Suzumirani pansi, cha kuseri kwa injini, mozungulira pamene pamakhala mapazi a munthu wokhala pambali pa dalaivala. Muyenera kuona madzi oyera akudontha n'kupanga kachithaphwi. Ngati pansi pali pouma ngakhale kunja kuli chinyezi, lowetsani dzanja pansi pa mati ya mbali ya kumanzere. Mukapeza kapeti yonyowa, kapena ngati mumamva madzi akukhuchumuka m'dashibodi pokhota, mwaupeza mlandu.

Kapaipika n'kakafupi, kakuda, kukula kwake ngati chala, ndipo kamatulukira pakhoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Pa pikapu yoyenda m'misewu ya dothi, matope ouma ndi amene amakatseka kukamwa nthawi zambiri. Nthawi zina ndi tizilombo tomanga zisa za dothi, kapena kapaipiko kapindika. Zimitsani injini, dikirani paipi ya utsi izizire, mangani handibuleki. Finyani kukamwa kwa kapaipi ndi zala kuti matope aphwanyike, kenako lowetsani chinthu chofewa monga cable tie yaitali, pang'onopang'ono, masentimita 10 kapena 15 basi. Waya wachitsulo ayi. Ukalowa kwambiri umabaya evaporator, gasi yense n'kuthawa, ndipo kukonza kwake kumafuna kumasula dashibodi yonse. Nkhope muiike pambali, chifukwa kakatseguka pamakhuthuka madzi akuda onunkha, mwina odzaza kapu kapena kuposa.

Chachiwiri ndi fyuluta ya mpweya wolowa mkati, osati ya injini ija. Pa Hilux ngati yanuyi, komanso Ford Ranger ndi Isuzu D-Max za zaka zaposachedwa, imakhala kuseri kwa glove box, bokosi losungiramo zinthu la pa dashibodi. Tulutsani zonse zili mmenemo, masulani kandodo kogwira pambali ngati kalipo, panikizani mbali zonse ziwiri kuti bokosilo ligwere pansi, ndipo muona kachivundikiro kotalika kokhala ndi timakilipi. Solani fyuluta mosamala kuti zinyalala zili pamwamba pake zisagwere m'fani. Galimoto zina zinabwera ndi malo a fyuluta koma opanda fyulutayo, kapena mwini wake wakale anaitaya itatsekeka. Zikatero fumbi lonse lakhala likupita pa evaporator, ndipo muyembekezere kuti ndi yakuda ndithu. Fyuluta ya pepala sichapidwa. Ikada, ikanyowa kapena ikachita mawanga, gulani ina, ndipo yokhala ndi makala mkati imagwira fungo bwinopo kuposa yoyera ija. Poika yatsopano onani kamuvi kali m'mbali. Pa zina kalembedwa UP, kutanthauza kumwamba, pa zina AIR FLOW, kusonyeza kolowera mpweya, komwe nthawi zambiri ndi kuloza pansi kumene kuli fani. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Ya pamsewu wa tala imakwanitsa chaka kapena makilomita 15,000, koma ya m'misewu ya fumbi muziisuzumira nthawi iliyonse mukusintha oyilo. Yatsopanoyo musaiike panopa. Dikirani mutsuke kaye evaporator.

Tsegulaninso boneti muone m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pamene pamagona mawaipa. Mpweya wakunja umalowera pamenepo. Masamba a mango ndi timitengo zikaunjikana zimaola, n'kutsekanso timabowo totayira madzi a mvula. Zichotseni ndi dzanja, thirani madzi a m'jagi muone ngati akutulukira pansi kuseri kwa matayala akutsogolo.

Kutsuka evaporator yeniyeniyo ndiye pachimake. M'mashopu a zida za galimoto funsani mankhwala a thovu otsukira evaporator, a m'chitini chokhala ndi kapaipi katali kowonda. Palinso ena ongophulitsa m'galimoto mutatseka zitseko. Amenewo amanunkhiritsa mapaipi a mpweya koma satsuka litsiro lomatirira, choncho ndimawaona ngati othandizira chabe. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yolowera kukapaipi kotulutsa madzi kaja. Injini ndi fani zikhale zozimitsa. Khutchumulani chitini, lowetsani kapaipi kake m'kapaipi ka madzi mpaka mutamva kuti kafika, musakakamize, ndipo poperani monga chitinicho chikunenera. Thovu limatupa n'kudzaza bokosi lonse, kukuta timapepala tija. Solani kapaipi, ikani beseni pansi, dikirani mphindi 15 kapena nthawi imene yalembedwa. Thovu limasungunuka n'kutsika ndi litsiro lake. Madziwo akatuluka akuda bii, bwerezaninso. Kupopera kudzera pamalo a fyuluta n'kotheka, koma fani ili pansi pomwepo, ndipo thovu likalowa m'mota yake kapena m'mawaya mumapsetsa zinthu. Kupopera m'mabowo a pa dashibodi n'koipanso kwambiri, chifukwa thovu limatha kudontera pa wailesi ndi zamagetsi zina, pomwe ku evaporator silifikako n'komwe.

Mukatha, tsegulani mawindo onse, lizani injini panja osati m'galaja yotseka, yatsani fani mpaka pamapeto, AC yozimitsa, mpweya uzichokera kunja, kwa mphindi 10. Kenako ikani fyuluta yatsopano ija.

Jik musathiremo, ngakhale wina atakuuzani kuti amapha chuku. Amadya aluminiyamu, ndipo mpweya wake umapweteka maso ndi chifuwa m'galimoto yotsekeka. Palafini, petulo ndi spirit zimayaka, ndipo pafupi pomwepo pali mota ya fani. Mafuta onunkhira nawo amangosiya kunata kumene fumbi limamatirirapo.

Ngati kapeti inanyowa, musaiiwale, chifukwa mukhoza kutsuka AC bwinobwino fungo n'kumachokerabe pansi. Kunsi kwa kapeti kuli chinkhupule chokhuthala chimene chimasunga madzi milungu ingapo pomwe pamwamba pakuoneka pouma. Masulani pulasitiki ya pakhomo, kwezani kapeti, finyani madzi ndi thaulo, ikani thabwa kuti ikhale yotukuka, ndipo galimoto ikhale padzuwa zitseko zili zotsegula tsiku limodzi kapena awiri. Ikauma wazani soda wophikira, agone usiku, m'mawa musese kapena kukoka ndi makina.

Kuti chuku chisabwerere, sinthani kazimitsidwe. Mukatsala ndi mphindi zitatu mpaka zisanu kuti mufike, dinani batani la A/C lizime, koma fani isiyeni yokweza ndipo zimitsaninso batani lozunguliza mpweya wam'kati, lija lojambulidwa galimoto yokhala ndi muvi wopindika. Mpweya wakunja umaumitsa evaporator musanazimitse injini. Batani lozungulizalo ndi lothandiza mukamatsatira lole pamsewu wa fumbi kapena pofuna kuziziritsa msanga, koma likakhala loyaka tsiku lonse chinyezi cha mpweya wa anthu, majombo onyowa ndi maambulera chimangozungulira momwemo. Mu Juni ndi Julayi, pamene AC siifunika kwenikweni, muziiyatsabe mphindi 10 sabata iliyonse kuti oyilo wa kompuresa azungulire ndipo malabala asaume.

Fungo likabwerera pasanathe mwezi mutachita zonsezi kawiri, ndiye kuti litsiro lagwirana ngati thope pakati pa timapepala, kapena muli chisa cha khoswe pamene dzanja silifika. Pitani kwa makaniko wa AC, ndipo mumupemphe ayambe wamasula fani, yomwe imagwidwa ndi masikuluwu ochepa pansi pa glove box, aunike mkatimo ndi tochi kapena kakamera. Nthawi zambiri pamenepo amatha kutsuka osagwetsa dashibodi. Ngati kutulutsa evaporator sikungapeweke, gasi ayenera kukokedwa ndi makina, osati kungomutayira mumlengalenga, ndipo pobwezera afunika kuika ma O-ring (timalabala tozungulira totseka polumikizira mapaipi) atsopano, kukoka mpweya wonse m'mapaipi, n'kuthira gasi poyeza kulemera kwake monga kwalembedwera pakapepala komata pansi pa boneti.