Mawaya a masipika alowe m'khoma pulasitala asanamatidwe

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Nkhotakota. Nyumba yawo yafika pomata pulasitala, ndipo aona pa intaneti kachivundikiro kapakhoma kolumikizirapo mawaya a masipika, kaja amati wall plate. Akufunsa ngati n'kofunikadi kapena ndi manyado chabe, ndiponso kaikidwe kake.

Achimwene, mawu akuti manyado aja andikhudza, chifukwa ndi omwewo amene ndinamva kwa mmisiri wondimangira nyumba kuno ku Salima, ine n'kuvomera.

Ndinakulira pa Kamuzu Road, nthawi imene kanema tinkaonera m'tizinyumba ta vidiyo, titapanikizana pa benchi, thukuta lili kamukamu. Sipika yaikulu ankaiika panja kuti ikope odutsa, ndipo tsiku lopanda ndalama ndinkangokhala pakhonde kumvetsera, zithunzi ndikudzijambulira m'mutu. Choncho nditayamba ntchito n'kumanga kanyumba kanga, ndinapita ku Lilongwe kukagula home theatre ya 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi subwoofer imodzi ya mabesi. Msewu wonse wa M14 katoni ndinaifungatira pamiyendo m'minibasi. Kondakitala anati aiike kumbuyo pamodzi ndi matumba, ine ndinakana.

Miyezi ingapo izi zisanachitike, nyumba ili pa njerwa, ndinali nditafunsa mmisiri ngati tingasiye mapaipi m'khoma odzadutsamo mawaya a masipika. Anaseka nati zimenezo n'za m'mahotela a ku Senga Bay. Tsono masipika awiri akumbuyo aja atafika, mawaya ake anayenda pansi, kudula pabalaza pakati, titawaphimba ndi mkeka. Mayi a kunyumba ankadandaula tsiku lililonse pokolopa. Ndinkati ndikonza Loweruka.

Kenako amayi anga anabwera kudzacheza kuchokera kwa Khombedza. Iwo amadzuka tambala woyamba. Tsiku lachitatu anadzuka kukali mdima, magetsi atazima, ndipo chala chinakola waya pamene mkeka unapindika. Ndinadzidzimuka ndi phokoso la sipika ikugwa pa sitolo. Ndinawapeza ali pansi atagwira dzanja lamanja, osalira, akungopuma mwamphamvu. Fupa la pamfundo ya dzanja linathyoka. Anakhala ndi chikhakha milungu isanu ndi umodzi, ndipo munali mu Novembala, anzawo akumaliza kupanga mizere kudikira mvula yoyamba. Chaka chimenecho khasu sanaligwire. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti sanandidzudzule n'kamodzi komwe. Anangoti, "Palibe kanthu mwanangu, ndi ine sindinaone bwino." Munthu wamkulu kudziimba mlandu chifukwa cha waya wanga.

Tsiku lomwelo ndinazula mawaya onse pansi n'kuwaponya m'siling'i, opanda paipi. Sipanathe chaka, makoswe anawatafuna. Ndinazindikira pamene ampulifaya, makina amene masipika onse amalumikizidwako, inayamba kudzizimitsa yokha ndikangokweza mawu. Timawaya ta mkuwa tija tikakhudzana, wofiira ndi wakuda, makina amadziteteza pozima, ndipo ukamaumirira kuyatsanso amatha kupsa. Mapeto ake ndinabwereka galainda n'kudula khoma lopentedwa kale. Fumbi linalowa mpaka m'mapoto kukhitchini, ndinagulanso simenti ndi penti, ndipo mzere wa chigambacho umaonekabe dzuwa likalowera pawindo madzulo.

Ndiye ndinene mosapsatira: waya woyenda pansi m'nyumba momwe muli ana ndi okalamba ndi msampha. Ife timalimbikira ndalama pa zooneka, matailosi, geti, penti yakunja, koma paipi ya pulasitiki imene mtengo wake sufika n'komwe pa thumba la simenti timaiona ngati kuwononga. Ndipo amisiri amene amaseka mwininyumba akafunsa chinthu chachilendo amandikwiyitsa. Nyumba ndi yanu, mudzagonamo ndinu. Ngati sanaonepo, anene kuti sanaonepo, muphunzire limodzi.

Pamene ndafika pa zokwiyitsa, nditchulenso waya wachinyengo. Wambiri wa masipika amene ali m'mashopu ndi aluminiyamu wongokutidwa mkuwa pamwamba. Palani ndi mpeni musanalipire: mukaona zoyera mkati, musiyeni. Amathyoka msanga pomanga, ndipo kuno kunyanja chinyezi sichichedwa kumudya. Waya wolowa m'khoma ukhalamo zaka zambiri, akhale wa mkuwa weniweni.

China, poti inu ndi ine tonse ndife a m'mbali mwa nyanja: mu Okutobala palibe amatseka mawindo. Mabesi amadutsa njerwa mosavuta, ndipo oyandikana nawo ena amalawirira kunyanja kapena kumunda wa mpunga m'bandakucha. Masipika akaikidwa pamalo oyenera, pafupi ndi pomwe mumakhala, simufunikanso kukweza kwambiri kuti mumve zolankhula. Ineyo ndinaona kusiyana kumeneku nditangowasuntha.

Tsono kaikidwe kake

Yambani mwasankha pokhala TV ndi pokhala sofa, mulembe ndi choko pa njerwa. Masipika akumbuyo akhale m'mbali mwa sofa, chakumbuyo pang'ono, pamwamba pang'ono pa khutu la munthu wokhala pansi. Pamenepo ikani bokosi lofanana ndi la soketi, ndipo kuseri kwa TV muike lalikulu lokumanirapo onse. Lumikizani ndi paipi ya mamilimita 20, yakeyake. Isagawane paipi ndi mawaya a magetsi a 230 volts, ndipo ngati mukudula khoma lomwe muli kale magetsi, zimitsani ku main switch, musadule molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi.

Chenjerani pogula chivundikirocho. Zambiri zimene mukuona pa intaneti ndi za ku America, zazitali, ndipo sizikwana pa mabokosi athu. Ife timatsata muyeso wa ku Britain, wa mamilimita 86 mbali zonse. Chikasowa, gulani chivundikiro chopanda mabowo, muboole nokha, mumangepo timitu tiwiri tomangira waya, kofiira ndi kakuda. Zanga ndinapanga choncho.

Pabalaza wamba waya wa 1.5 mm² ndi wokwanira, koma ukapitirira mamita 15 tengani wa 2.5. M'bokosi siyani wotsala wotalika ngati chikhatho. Sendani sentimita imodzi, potani timawaya tonse pamodzi kuti pasatsale kotuluka, mumange zolimba, wofiira pa chofiira mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa sipika imodzi palibe chimapsa, koma mabesi amachepa ndipo mawu amamveka ngati obalalika. Kuti mudziwe waya uti ndi wa sipika iti, uchotseni ku ampulifaya n'kuukhudzitsa pang'ono pa batire ya tochi ya 1.5 volts. Sipika yake idzati thu, ndipo ngati wofiira ali ku + kapepala ka sipika kadzatulukira kunja. Lembani dzina pa tepi nthawi yomweyo. Subwoofer yokhala ndi pulagi yakeyake yamagetsi imafuna waya wa RCA, wa kapulagi kozungulira kumapeto, osati wa sipika, choncho yang'anani kaye kuseri kwa makina anu. Ena amabwera ndi timapulagi tawotawo, ndipo mungafunike kudula waya wake kuti ufike pa chivundikiro.

Ngati ndalama ya zivundikiro ndi waya palibe mwezi uno, ikani mapaipi ndi mabokosi okha, musiyemo chingwe chodzakokera waya, mutseke kukamwa ndi pepala la simenti kuti matope asalowe. Zinazo zidzabwera. Koma wa pulasitala uja muuzeni ayambire kuzipinda zogona, pabalaza adikire masiku awiri.

Amayi anabweranso mu Juni. Mwera ukamawomba dzanja lija limawaphwanya, ndipo madzulo amalifunditsa kansalu akukhala pa sofa kumvetsera makwaya. Ndinawaona akudzuka kupita kukhitchini, ndipo atafika pakati pa balaza anayang'anabe pansi asanaponde.