Mafulati atsopano a ku Chileka: musanapereke lendi ya miyezi itatu

Sabata yathayi ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zingwangwa. Dzina sinditchula, koma nkhani yake mwachidule ndi iyi. Iye ndi amuna ake akhala zaka 6 m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndipo chimbudzi ndi bafa n'zapanja, zogwiritsa ntchito mabanja atatu. Ana awo awiri akukula. Tsopano aona mafulati omangidwa kumene mbali ya ku Chileka, kupitirira pa Kameza: nyumba zosanjikizana, zamumpanda, matailosi pansi, chimbudzi cham'nyumba, mlonda pageti. Simunalowepo munthu. Eni ake akufuna lendi ya miyezi itatu pamodzi ndi dipoziti. Mayiyu amagwira ntchito m'tauni, bambo ku Limbe. Ndiye akufunsa kuti: "Tisamuke? Mtima wanga wapita kale kumeneko, koma ndikuopa kuti mwina pali zina zimene maso anga sakuziona."

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Ndipo mtima wanuwo ndikuumvetsa. Amene anayamba wadikirapo pamzere wa kubafa m'mawa wa Juni, chiperoni chili tsaa, mwana akuchedwa kusukulu, sangakunyozeni chifukwa cholakalaka bafa lanulanu. Chilakolako chimenecho n'choyenera. Koma mantha anuwo nawo ali ndi nzeru, ndipo ndi amene ndikufuna tikhalepo kwambiri.

Nyumba yakale ili ndi mboni. Mukapita kukaiona, mumapeza banga pasiling'i lokuuzani pomwe pamadontha, mumapeza mnansi wokhalitsa amene angakunong'onezeni kuti madzi amabwera usiku wokha, ndiponso kuti landilodi wake amabweza dipoziti kapena ayi. Nyumba yatsopano ilibe mboni ngakhale imodzi. Penti yaphimba zonse. Woyamba kulowamo ndiye amene amaiyesa, ndipo amaiyesa ndi katundu wake, ndi ana ake, ndi ndalama zake.

Pano tili mu Okutobala, ndiye kuti mafulati amenewo sanaonepo mvula muli anthu. Ine ndinalowapo nyumba yotero ku Machinjiri, m'mwezi ngati uno. Inali yokongola moti abale ankabwera kudzangoiona. Pofika Januwale, khoma la kuchipinda chogona linayamba kutuluka thukuta kuchokera pansi, penti n'kumatupa, nsapato za m'kabati n'kuchita chuku, mwana wanga wamng'ono osaleka kukhosomola. Omanga anathamangira kupaka penti pulasitala isanaume, ndipo madzi a padenga ankangotsikira m'mphepete mwa maziko popeza panalibe ngalande. Eni nyumba sanali munthu woipa, koma ndalama zinali zitawathera pomanga, ndiye yankho lawo linali loti tidikire mvula ithe. Tinadikira miyezi itatu tikugona pabalaza.

Choncho mukabwererako, musayambire m'kati. Zungulirani kuseri. Onani ngati denga lili ndi mipaipi yotsitsa madzi, ndipo madziwo akatsika akulowera kuti. Onani ngati bwalo la mumpanda lili pamwamba kapena pansi poyerekeza ndi msewu, chifukwa likakhala pansi, madzi onse a mumsewu adzalowera pageti panu. Kenako tulukani mumpandamo mukacheze ndi anthu okhalitsa m'deralo, amayi ogulitsa tomato, anyamata a kabaza apasiteji. Afunseni kuti malowo asanamangidwe panali chiyani. Akati panali dambo kapena pankadutsa khwawa, ganizani kawiri. Ife a mu Blantyre sitikufunikanso kuphunzitsidwa za madzi. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, pafupi ndi kwanu komweko, ndipo anthu ambirimbiri anataya miyoyo. Ku Chileka malo ake ndi athyathyathya, kotero vuto lake si la miyala yogumuka koma la madzi odikha, komabe funso ndi lomwelo: madzi a mvula kuno amadutsa pati? Funsaninso eni ake ngati mapulani a nyumbazo anavomerezedwa ndi khonsolo. Womanga mwadongosolo sakwiya ndi funso limeneli.

Tsopano madzi akumwa, omwe kwa ine ndi nkhani yaikulu kuposa matailosi. Madzi ambiri a mumzinda muno a Blantyre Water Board amawapopa kuchokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza chitunda mamita pafupifupi 800 kuti afike kuno. Ntchito yonseyo imadalira magetsi. Magetsi akavuta, kapena paipi yaikulu ikaphulika, mipopi imauma, ndipo madzi akabwerera amayamba afika kwa okhala pansi. Wokhala pamwamba amamva madzi akutuluka kwa mnzake wapansi, kwake mpopi ukungopuma mpweya. Ndiye pamafulati osanjikizana thanki ndi chinthu chofunika ngati denga. Funsani kuti ndi ya malita angati, ndipo mabanja amene adzaidalire ndi angati. Thanki ya malita 5,000 imaoneka yaikulu ikakhala pansanja, koma mukaigawira mabanja khumi, banja lililonse lapeza malita 500, omwe kwa anthu anayi okhala ndi chimbudzi chamadzi ndi kuchapa kwa ana sapitirira masiku awiri. Ndipo chimbudzi cham'nyumba chopanda madzi chimasautsa kuposa chokumba chomwe mukuchithawacho. Ku Zingwangwa madzi akasiya muli ndi pothawira. Pa fulati yam'mwamba mudzanyamula zigubu pamasitepe.

Pitani kawiri, tsiku lam'kati mwa sabata m'mawa, ndiponso Loweruka masana pomwe dera lonse likuchapa. Kwerani pamwamba penipeni, tsegulani shawa ndi mpopi wa kukhitchini nthawi imodzi, gujumulani chimbudzi muone ngati chikudzaza msanga. Akakuuzani kuti madzi sanalumikize koma alumikiza sabata yamawa, auzeni mwaulemu kuti nanunso mudzalipira sabata yamawayo madzi akatuluka.

Za magetsi n'zachidule. Fulati iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM, yogulira mayunitsi nokha. Nyumba zambiri zatsopano zimayamba kulowetsa anthu zikadali pa mita imodzi yomwe ankagwiritsa ntchito omanga, ndipo palibe chimene chimadanitsa anansi msanga ngati kusonkherana mayunitsi pamene wina ali ndi giza ndi kuka, wina ali ndi mababu atatu basi. Lembani nambala ya mitayo musanalowe. Kuthima kwa magetsi kokha sikusankha dera, tonse tikukumbukira momwe zinalili namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Koma funsani ngati pampu yokwezera madzi m'thanki ili ndi njira ina yoyendera magetsi akathima.

Apa ndafika pa zimene anthu ambiri sazifunsa, zinthu za tonse. Mlonda amalipidwa ndi ndani? Babu la pamasitepe likapsa agula ndani? Zinyalala zimatayidwa kuti, popeza m'madera ambiri akunja kwa tauni galimoto ya zinyalala sifika? Dzenje la zimbudzi likadzaza, ndalama yoitanira galimoto yopopa ichokera m'thumba la yani? Pamalo akale zimenezi zinakhazikika kale, zabwino kapena zoipa. Pamalo atsopano palibe lamulo, ndipo lamulo limadzabadwa tsiku la mkangano woyamba. Mudzangouzidwa mwezi wachitatu kuti aliyense azisonkha zakutizakuti za mlonda, ndalama yomwe simunaiwerengere. Safunsa anadya phula, achemwali. Funsani lero, mayankhowo alembedwe.

Mwandiuza kuti lendi yake ikuposa ya ku Zingwangwa pang'ono chabe, n'chifukwa chake yakukopani. Ndikupempheni mukhale pansi ndi bambo, pepala ndi cholembera, muwerengere za mayendedwe. Kuchoka ku Zingwangwa kupita m'tauni ndi minibasi imodzi, tsiku lina munthu amatha kuyenda wapansi. Kuchoka ku Chileka bambo angafunike kukwera kawiri kuti akafike ku Limbe, kawirinso pobwerera, ndipo ngati mafulatiwo ali patali ndi msewu wa tara, onjezanipo kabaza m'mawa ndi madzulo. Chulukitsani ndi masiku 22 a ntchito, anthu awiri. Onjezani za ana ngati sasintha sukulu. Kumbukiraninso kuti mtengo wa minibasi sukhazikika: mafuta akasowa umakwera tsiku lomwelo, ndipo ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wokhala kutali ndi amene anamva kuwawa msanga. Nambala imene mupezeyo muiphatikize ku lendi. Imeneyo ndiye lendi yeniyeni ya nyumbayo. Ndipo musanasaine, tsiku limodzi mukayambire ulendo wa kuntchito pageti pomwepo nthawi ya 6 koloko m'mawa, muone kuti pa Kameza ndi ku Chirimba mudutsa nthawi yanji.

China chaching'ono: ku Chileka n'kotsika kuposa ku Soche, choncho kumatentha kwambiri ndipo udzudzu ndi wochuluka. Fulati yam'mwamba yoyandikana ndi malata mwezi uno imakhala ngati uvuni. Onani ngati mawindo ali moyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndiponso ngati ali ndi sefa.

Palinso moyo wa pamafulati womwe sulembedwa pa chikwangwani. Inu mwazolowera kuphika nyemba pambaula panja, kuyanika ufa pamkeka, ana kusewera pabwalo anansi akukuyang'anirani. M'mwamba mulibe bwalo. Eni ake ena amaletsa mbaula kuopa kudetsa makoma, ndiye ngati mulibe gasi, magetsi akathima mudya chiyani? Ndipo chonde, mbaula ya makala isamalowe m'nyumba yotseka mawindo, utsi wake wosaoneka uja umapha anthu ali m'tulo. Funsani pophikira, poyanika zovala, ndiponso ngati pali malire a anthu ogona m'nyumba, chifukwa ife alendo ochokera kumudzi sitiwabweza, ndipo wodwala wobwera ku chipatala cha Queens amafikira kwa m'bale. Ngati ana anu ndi aang'ono, yezani mipata ya zitsulo za pakhonde ndi pamasitepe. Mutu wa mwana ukatha kulowa, thupi lonse limatha kudutsa.

Chimene chinandipweteka ine ku Machinjiri kuposa chinyezi chija chinali kusungulumwa. Kumene mukuchokako muli ndi amayi a kumpingo, a banki m'khonde, mnansi amene amakusungirani kiyi ndi kulandira ana mukachedwa. Pamalo atsopano aliyense ndi mlendo, aliyense amalowa n'kutseka chitseko. Komabe pali ubwino wake womwe sindikufuna kuubisa: olowa oyamba ndi amene amaumba khalidwe la pamalopo. Ife tinayamba ndi kupatsana moni pamasitepe, kenako gulu la pa WhatsApp la mabanja onse, ndipo pamene tinapita limodzi kwa eni nyumba kukanena za ngalande, anatimvera kuposa momwe ankandimvera ndili ndekha. Mukasamuka, musadikire kuti wina ayambe. Gogodani makomo sabata yoyamba.

Za ndalama. Musapereke kalikonse kwa dobadoba amene wangokuonetsani nyumba. Kumanani ndi mwini wake kapena womuimira amene mwini wakeyo wakutsimikizirani pamaso. Nyumba zatsopano zopanda anthu ndi zimene akathyali amakonda kuonetsa, chifukwa palibe wokhalamo woti awatsutse. Lipirani kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo mulandire lisiti. Mgwirizano ukhale wolemba, unene lendi, nthawi imene singakwezedwe, notisi ya mbali zonse ziwiri, ndi zimene zingadulidwe pa dipoziti. Pa nyumba yatsopano onjezani mzere umodzi wofunika kwambiri: zolakwika za kamangidwe, monga kudontha, ming'alu, chinyezi ndi mipaipi yotayikira m'khoma, akonza ndi eni nyumba pasanathe masiku akutiakuti, ndipo akalephera mudzakonza nokha n'kudula pa lendi. Tsiku lolowa jambulani chipinda chilichonse pafoni, tailosi losweka, chitseko chosatsekeka bwino, n'kuwatumizira eni ake tsiku lomwelo, kuti potuluka zisadzakhale zanu.

Ndiye musamuke? Maganizo anga ndi awa. Ngati madzi akufika m'mwamba pamaso panu, mita ya magetsi ndi yanuyanu, masamu a minibasi akukwanira osakhudza ndalama ya chakudya, ndipo eni ake avomera kulemba za zokonza, samukani, ana anu akasambe m'bafa lawo. Chimodzi mwa zinayi zimenezi chikasowa, dikirani. Ngati kumene muliko sakukuthamangitsani, ine ndikanakonda mudikire mpaka Febuluwale, mukaone makomawo mvula itawamenya miyezi iwiri, mucheze ndi amene analowa kale. N'kutheka kuti pofika nthawiyo adzakhala atadzaza, ndikudziwa, koma mbali ya ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Chigumula anthu akumangabe. Ngati simungathe kudikira, pemphani kuti mulipire mwezi umodzi ndi dipoziti m'malo mwa miyezi itatu. Mwini nyumba zimene zili zopanda anthu amafuna wolowa woyamba kuposa momwe amaonetsera, ndiye mpata wokambirana muli nawo. Ndipo posankha, tengani yapakati ngati ilipo, yosagundana ndi nthaka komanso yosagundana ndi malata.

Mukapitako Loweruka likubwerali, tengani tchaja ya foni muyese soketi iliyonse, ndi ndowa yoti muthire madzi pansi m'bafa muone ngati akulowera kudzenje kapena akuthamangira kukhomo. Mudzandilemberenso zimene mwapeza.