Yankho kwa achimwene a labu ya ku Chibavi pa nkhani ya chmod 777

Achimwene, mwafotokoza kuti pa seva ya Linux ya labu imene mumayang'anira ku Chibavi, pulogalamu yotsimikizira anthu polowa inkakana kuyamba, ndiye munalemba chmod 777, lamulo losintha zilolezo za mafayilo, pa foda yake ndi zonse zili m'katimo, ndipo inadzuka. Mwafunsa ngati pali choopsa, poti ophunzira ali ndi maakaunti wamba ndipo pasiwedi ya root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa sevayo, ndi yolimba. Choopsa chilipo, chachikulu ndithu, ndipo kulimba kwa pasiwediyo sikukutetezani pamenepa.

Pulogalamu zotere kawirikawiri zimayenda ndi mphamvu za root, chifukwa ntchito yake ndi kuwerenga zinsinsi za anthu onse ndi kuwatsegulira njira. Koma pulogalamuyo siiganiza yokha. Imakhulupirira zimene yapeza m'mafayilo ake. Manambala atatu a 777 aja amaimira zilolezo za mwini fayilo, gulu lake, ndi wina aliyense wotsala. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, choncho 7 womalizayo akutanthauza kuti wophunzira aliyense amene walowa ndi akaunti yake angathe kusintha zimene root adzawerenge ndi kuchita. Zili ngati mlonda wokhulupirika amene amalowetsa okhawo olembedwa m'buku, koma bukulo mwalisiya kunja kwa geti pamodzi ndi cholembera.

Ngati m'fodamo muli script imene imayendetsedwa seva ikamayaka, wophunzira wochenjera angoonjezeramo mzere umodzi woika akaunti yake m'gulu la sudo, la anthu ololedwa kuchita zinthu ndi mphamvu za root, kenako n'kudikira. Sadikira nthawi yaitali, pakuti kuno ku Mzuzu magetsi akathima n'kubweranso seva imayakanso, ndipo mzerewo umayendetsedwa ndi root mwiniwake popanda kufunsa pasiwedi. Chinanso chimene ambiri sachizindikira ndi chakuti munthu wololedwa kulemba m'foda angathe kuchotsa fayilo yotsekedwa bwino n'kuikapo yake ya dzina lomwelo, choncho kukonza mafayilo okha foda n'kuisiya yotsegula sikuthetsa vuto.

Kuwerenga kokha nakonso n'kokwanira kuononga. Ndi chifukwa chake /etc/passwd, fayilo ya mndandanda wa maakaunti, imawerengedwa ndi aliyense, koma ma hash, amene ndi mapasiwedi obisidwa mwa masamu, anasamutsidwira ku /etc/shadow kumene munthu wamba safika. M'mafayilo a pulogalamu yanu mwina muli pasiwedi ya database kapena chinsinsi chimene seva ya RADIUS, yotsimikizira anthu olowa pa netiweki, imagawana ndi rauta, ndipo zonsezo zakhala poyera kuyambira tsiku limene munalemba 777.

Vutoli siligwera ife a malabu ang'onoang'ono okha. Mu July 2021 kunadziwika kuti pa Windows 10, kuyambira mtundu wa 1809, mafayilo a SAM, SYSTEM ndi SECURITY, osunga zinsinsi za maakaunti, ankatha kuwerengedwa ndi akaunti wamba. Cholakwikacho anachitcha HiveNightmare kapena SeriousSAM, nambala yake ndi CVE-2021-36934. Mafayilowo amakhala otsekeka Windows ikamayenda, koma anthu ankawatenga m'makope akale otchedwa shadow copies, n'kupezamo ma hash a administrator. Chimene ndikufuna muonepo ndi chakuti Microsoft inalangiza kuti kukonza zilolezo sikokwanira, makope akalewo ayenera kufufutidwa. Inunso mukatseka fodayo, muganizire kuti zinsinsi zimene zinali m'menemo zatuluka kale, ndipo muzisinthe zonse.

Pokonza, yambani ndi kuwerenga ma log kuti mudziwe chimene pulogalamuyo inkadandaula poyamba. Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti mwini fayilo ndi wolakwika, kapena pali foda imodzi yokha imene pulogalamuyo imafuna kulembamo, ndipo chown, lamulo losintha mwini fayilo, pa malo amodziwo ikanakwanira. Mafayilo okhala ndi zinsinsi akhale 600 kapena 640, mafoda 750, ndipo chilichonse chimene root amayendetsa chilembedwe ndi root yekha. Ine ndikanakhala inu sindikanakhulupiriranso mafayilo amene alipowo: ndikanaika pulogalamuyo mwatsopano, kapena kuwayerekeza ndi oyambirira pogwiritsa ntchito dpkg --verify pa Ubuntu ndi Debian, kapena rpm -V pa Red Hat ndi abale ake. Muonenso amene ali m'gulu la sudo, ntchito za cron (zoyenda zokha pa nthawi yoikika), ndi mafayilo a authorized_keys (osunga makiyi olowera pa seva uli kutali), chifukwa munthu amene anapeza kale mphamvu za root amasiya khomo lina lobwererapo.

Pulogalamu zina zimakana dala zilolezo zikakhala zotayirira. OpenSSH, pulogalamu yolowera pa seva uli kutali, siilandira kiyi yachinsinsi imene ena angathe kuiwerenga, ndipo sudo imakana kugwira ntchito ngati /etc/sudoers ingalembedwe ndi aliyense. Mukakumana ndi kukana kotereku musakakamize, mukonze zilolezozo. Pomwepo fufuzaninso mafayilo a setuid ndi find / -perm -4000, poti amenewa amayenda ndi mphamvu za mwini wake, ndipo ngati sevayo yatenga nthawi osalandira ma update, dziwani kuti pkexec, imodzi mwa pulogalamu za setuid, inali ndi cholakwika chotchedwa PwnKit, chimene kampani ya Qualys inaulula mu January 2022, chopereka root kwa akaunti wamba.

Ngati mungathe, tumizani pagulu pano dzina la pulogalamuyo, zimene ls -l ikuonetsa pa fodayo, ndi uthenga umene unkatuluka poyamba, koma osatumiza zimene zili m'kati mwa mafayilowo. Tikaona zimenezo tidzakuuzani mwini ndi nambala zoyenera pa fayilo iliyonse.