Kwa mchemwali amene akufuna kukatola nkhani kunkhondo

Mchemwali, mwafunsa kuti munthu angayambe bwanji kutola nkhani za nkhondo m'mayiko ena asanalembedwe ntchito ndi nyumba yofalitsa nkhani iliyonse. Sindikufuna kukugwetsani ulesi, chifukwa ntchitoyi ndi yofunika zedi. Koma musanagule kamera, imvani kaye za Anton Hammerl.

Hammerl anali wojambula zithunzi wa ku South Africa, wodziyimira payekha. Pa 5 Epulo 2011, m'chipululu chapafupi ndi Brega ku Libya, asilikali a Gaddafi anamuwombera, n'kugwira atolankhani anzake atatu amene anali naye: James Foley, Clare Gillis ndi Manu Brabo. Kwa masabata 6 akuluakulu a ku Libya ankanena kuti ali moyo, banja lake lili m'madzi kudikira. Zoona zinadziwika mu Meyi, Foley ndi Gillis atamasulidwa. Mtembo wake sunapezeke mpaka lero. Foley yemweyo anapitanso ku Syria, anabedwa mu Novembala 2012, ndipo a ISIS anamupha mu Ogasiti 2014.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mtolankhani wodziyimira payekha amasenza zonse yekha. Tikiti ya ndege, inshuwalansi, chovala choteteza ku zipolopolo, dalaivala, womasulira, zonsezi zimachokera m'thumba mwake, pomwe malipiro amabwera nkhani ikagulidwa, nthawi zina patapita miyezi. Ndiye amayamba kudula ngodya: kukwera galimoto iliyonse, kupita malo amene olembedwa ntchito aletsedwa ndi mabwana awo, poti chithunzi cha kumeneko n'chimene chingagulidwe. Mkonzi akakuuzani kuti "mukafika mutitumizire", mufunseni, ndipo ayankhe polemba, kuti mukavulala kapena kugwidwa adzachitapo chiyani.

Phunzirani kuletsa magazi. Tim Hetherington, wojambula zithunzi wa ku Britain, anafera ku Misrata, ku Libya, pa 20 Epulo 2011 atataya magazi ambiri, ndipo mnzake Sebastian Junger anayambitsa bungwe la RISC lophunzitsa atolankhani oyima paokha chithandizo choyamba. Rory Peck Trust ya ku London imathandizanso ndi ndalama za maphunziro a chitetezo. Alembereni.

Pali munthu wina amene sakumbukiridwa, yemwe atolankhani amamutcha fixer. Ndi mwini dera, amadziwa njira, chilankhulo ndi amene muyenera kuwapewa. Inu mukakwera ndege, iye amatsala pomwepo ndi dzina lake ndi ana ake. Ku Cabo Delgado, kwa anansi athu a ku Mozambique kumene nkhondo inabuka mu 2017, Ibraimo Mbaruco, mtolankhani wa wailesi ya ku Palma, anasowa mu Epulo 2020 ndipo sanaonekenso. Mulipireni bwino fixer wanu, ndipo akati tibwerere, bwererani osatsutsa.

Koyambira ine ndingakuuzeni ku Dzaleka, ku Dowa. Kumeneko kuli anthu amene anathawa nkhondo ku Congo ndi ku Burundi. Pitani ndi chilolezo, mukhale nawo pansi, muphunzire kufunsa mayi amene anataya ana popanda kumukanda pachilonda, muphunzirenso kubisa dzina lake akapempha. Tolaniko Chiswahili ndi Chifalansa. Nkhani zoyambirira zimene mudzatumize kwa akonzi akunja zichokere kumeneko.