Kodi ku Bauhaus kunalibe azimayi?

Mtsikana wina amene akuphunzira zojambulajambula wanditumizira imelo. Akuti m'kalasi mwawo akamakamba za Bauhaus, sukulu ija ya zaluso ya ku Germany, amangomva mayina a azibambo okhaokha: Gropius, Klee, Kandinsky. Ndiye akufunsa ngati azimayi kunalibe.

Achemwali, analipo, ambirinso. Walter Gropius potsegula sukuluyi ku Weimar mu 1919 analonjeza kuti sadzasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Azimayi anakhamukirako, moti teremu yoyamba anachuluka kuposa amuna. Akuluakulu a sukuluyi anayamba kuyang'anana. Posakhalitsa atsikana ambiri ankangolozeredwa khomo limodzi, la kowombera nsalu. Marianne Brandt anachita kukakamira kuti akhazikike kosula zitsulo.

Koma taonani zimene anachita atawakankhira kumeneko. Gunta Stölzl anapita ku Krefeld kukaphunzira kunyika ulusi mu utoto, ndipo sukulu itasamukira ku Dessau, iye ndi amene anatsogolera gawo lowomba nsalu, mkazi woyamba kukhala mphunzitsi wamkulu pa Bauhaus. Anzake ankayesa chilichonse cholowa m'makina owombera.

Ine imene imandigometsa ndi nsalu ya Anni Albers. Holo ina ya sukulu ya mabungwe a anthu apantchito ku Bernau inkabweza mawu, munthu akamalankhula osamveka bwino. Iye anawomba nsalu yokutira zipupa: kumaso anaikako cellophane, chipepala chonyezimira ngati chokutira maswiti, kuti chizibweza kuwala, kumbuyo ulusi wofewa waubweyaubweya woti uzimeza phokoso. Dipuloma yake analandirira nsalu imeneyi. Mundiuze ngati umenewu si uinjiniya. Iyeyu mwayi anali nawo ndithu. Bauhaus itatsekedwa chifukwa cha chipani cha Nazi mu 1933 anapita ku America, ndipo mu 1949 Museum of Modern Art, nyumba yoonetsera zaluso ya ku New York, inaonetsa nsalu zake pazokha.

Nanga mipando ija ya mapaipi achitsulo imene aliyense amati ya Marcel Breuer? Nsalu yolimba imene munthu amakhalapo, ya thonje lopakidwa phula, anaikonza bwino ndi Grete Reichardt. Mpando umayenda ndi dzina la mwini wake, nsalu ayi. Ine ndimaona kuti ambiri anazimiririka motere.

Mukapeza mpata mufufuze za Otti Berger. Anali ndi vuto la kumva kuyambira ali mwana, ndipo ankakhulupirira kuti nsalu imadziwika ndi manja. Anatsegula malo akeake ku Berlin, n'kulembetsa kuboma njira zake zowombera kuti pasapezeke wozibera. Mu 1936 anamuletsa kugwira ntchito chifukwa anali Myuda. Anakakhalako ku London, kenako anabwerera kwawo ku Yugoslavia kukadwazika mayi ake. Chiphaso chopitira ku America, kumene anzake ankamudikirira, sichinatuluke. Anaphedwa ku Auschwitz, msasa wa a Nazi wopherako anthu, mu 1944.